Munthu akabwera ndi pepala lopinda: ntchito ya mlangizi wongodzipereka

Nthawi zambiri amabwera ndi pepala. Lapindidwa kanayi, lachita kufewa chifukwa chokhalitsa m'thumba, ndipo mwiniwake akulitambasula osakuyang'anani m'maso, n'kunena kuti, "Ndangoti mundiwerengereko ichi." Mukaliwerenga mupeza kuti ndi kalata ya ngongole, kapena yotulutsa munthu m'nyumba ya lendi, kapena yochotsa mwana sukulu. Apa mlangizi watsopano mtima umakhala m'malo poti wapeza chochita. Amafotokoza kalatayo mwaluso, amapereka malangizo atatu kapena anayi, munthu uja amathokoza n'kunyamuka. Mphindi 10 zokha, nkhani yatha. Koma chimene chinamudzutsa m'mamawa kuti abwere sanachitchule. Pepala lija linali chogogodera pakhomo basi. Kuseri kwake kuli mwamuna amene akumumenya chifukwa cha ngongoleyo, kapena masiku asanu osaona tulo, kapena maganizo oti bola kungofa.

Amene akufuna kudzipereka pa ntchito yolangiza ndi kuthandiza anthu a m'dera lake, kaya kudzera m'bungwe, m'gulu la chipembedzo kapena pachipatala, ayambe wadziwa kuti malangizo enieniwo ndi kagawo kochepa ka ntchitoyi, ndipo amabwera kumapeto. Chachikulu n'chakuti munthuyo achoke ali ndi chinthu chimodzi choti akachite, chimene wasankha yekha, komanso akudziwa khomo lenileni loti akagogode. Anthu amtima wabwino ndi amene amapunthwa kwambiri pamenepa. Kuona munthu akuvutika kumawapweteka, ndiye amafulumira kumanga bala lisanatsukidwe.

Zimenezi zinaoneka kale. Mu 1953 wansembe wa mpingo wa Anglican, Chad Varah, anatsegula foni ku London yoti anthu ofuna kudzipha aziimbako. Ena anayamba kubwera okha kudzaonana naye, ndipo podikira ankakhala ndi anthu wamba ongodzipereka amene ntchito yawo inali kungocheza nawo. Varah anaona kuti ambiri ankabwerera kwawo atapepukidwa asanaonane naye n'komwe. Bungwe la Samaritans linabadwa choncho, ndipo mpaka lero maziko ake ndi kumvetsera.

Malo okhalapo asankhidwe munthu asanabwere. Akhale poti ena akutha kukuonani koma sakumva zimene mukukambirana. Chipinda chokhoma chimaoneka ngati chabwino, koma chimaopsa munthu amene anachitidwapo nkhanza, ndiponso chimabala manong'onong'o, makamaka ngati mlangizi ndi mwamuna ndipo wobwerayo ndi mkazi kapena mwana. Mipando ikhale yofanana msinkhu, popanda tebulo lalikulu pakati, chifukwa tebulo limasandutsa macheza kukhala mlandu. Wobwerayo akhale kufupi ndi khomo kuti adziwe kuti akhoza kutuluka nthawi iliyonse. Foni yanu ikhale chete ndipo isaoneke. Nthawi muinene poyamba: mphindi 45 mpaka ola limodzi n'zokwanira. Kupitirira apo nonse mwatopa, nkhani imangozungulira pamodzimodzi.

Musanafunse chilichonse pali mawu oyenera kunenedwa, ndipo ndi bwino kuwaloweza pamtima kuti asamatuluke mokhotakhota:

"Mayi, ine ndine wongodzipereka, si ine dokotala kapena loya. Ndalama zopereka ndilibe, koma nthawi ndili nayo, ndipo maofesi othandiza ndikuwadziwa. Zimene mundiuze zithera pompano. Pokhapokha ndikaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pachiswe, kapena kuti mwana akuzunzidwa, pamenepo ndidzauza amene angathandize, ndipo ndidzayamba ndakuuzani inuyo."

Ena amaopa kuti mawu amenewa amutseka munthu pakamwa. Choopsa chenicheni chili kwina. Munthu akuti, "Lonjezani kuti simuuza aliyense," inu n'kulonjeza, kenako n'kumva nkhani ya mwana wa zaka 9 imene simungaisunge. Mukaulula mwaswa lonjezo, mukakhala chete mwanayo akupitiriza kuzunzika. Lonjezo lotero musapereke n'komwe. Yankho lake ndi lakuti, "Nenani, ndisunga zonse zimene zingasungike, koma malire aja ndakuuzani kale."

Funso loyamba likhale lotakata: "Chakubweretsani n'chiyani lero?" kapena "Yambirani pamene mukufuna." Mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi asungidwe kaye. Funso lakuti "chifukwa chiyani" lipeweni pafupifupi nthawi zonse. Mukati, "N'chifukwa chiyani munakongola ndalama zambiri chonchi?" munthu amamva chiweruzo, ndipo amayamba kudziteteza m'malo mofotokoza. Mukati, "Zinthu zinali bwanji pa nthawi imene munkakongola?" mwafunsa zomwezo koma mwamusiyira ulemu wake.

Kenako pamabwera chovuta kuposa zonse, kukhala chete. Munthu waima pakati pa nkhani, maso ali pansi, zala zikupotokola nsonga ya chovala chake. Mlangizi amamva ngati pali dzenje loti alikwirire msanga ndi mawu. Musalikwirire. Werengani chamumtima mpaka 10, pang'onopang'ono. Mawu amene amatuluka pambuyo pa bata lotero ndi amene anali kukhosi. Akalira musiyeni alire. "Musalire" amatonthoza wolangizayo kuposa wolirayo. Ngati akupuma mothamanga ndipo akunjenjemera, pumani naye limodzi: kukoka mpweya powerenga mpaka 3, kuutulutsa powerenga mpaka 3, mpweyawo uzifika m'mimba, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu.

Akamaliza, bwerezani mwachidule m'mawu anu: "Bambo, ngati ndamva bwino, ntchito inatha miyezi itatu yapitayo, lendi simunalipire miyezi iwiri, ndipo chikukusowetsani tulo kwambiri n'chakuti akazi anu sakudziwa. Ndi choncho?" Munthu amamva kuti wamveka, ndipo ngati munamva molakwa amakukonzani nthawi yomweyo musanayambe kulangiza za nkhani imene kulibe. Mawu monga "ndikudziwa mmene mukumvera", "ena ali m'mavuto oposa anu" ndi "inenso zinandichitikirapo" aluleni lilime. Omalizawa ndi amene ndimadana nawo kwambiri, chifukwa amalanda nkhani m'manja mwa mwiniwake, ndipo posachedwa wobwerayo ndiye akumvetsera za inu. Malangizo a chithandizo choyambirira cha maganizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) linatulutsa mu 2011 amafupikitsa ntchitoyi m'mawu atatu, penyani, mvetserani, lumikizani, ndipo amachenjeza kuti munthu asakakamizidwe kufotokoza zoopsa zimene zamuchitikira. Zimene wasankha kusiya, zisiyeni.

Munthu wothedwa nzeru sabwera ndi vuto limodzi. Amabwera ndi mulu wolukanalukana, ndipo chomufooketsa ndi muluwo. Tengani pepala, mulembe limodzi mavuto onse amene watchula, m'mawu ake omwe. Ngati sadziwa kuwerenga, timiyala kapena zitsekerero za mabotolo ziimire vuto lililonse. Kenako muwasiyanitse ndi mafunso awiri: ndi ati amene ali ndi ngozi kapena tsiku lomalizira, ndipo ndi ati amene munthuyo angathe kuwasuntha ndi manja ake? Imfa ya mwana wake singasinthike. Kalata yofuna yankho pofika pa 20 mwezi uno ingayankhidwe. Asankhe limodzi, ndipo wosankha ndi iyeyo. Ngakhale inu mukuona kuti lofunika ndi lina, limene wasankha yekha ndi limene akaligwire akafika kunyumba. Pokhapo pamene pali ngozi ya moyo ndi pamene mlangizi amatsogolera.

Pa vuto lasankhidwalo funsani zimene anayesapo kale ndi mmene zinathera, kuti musalangize munthu chinthu chimene anachiyesa katatu. Kenako tchulani limodzi njira zonse zimene zingabwere m'mutu, zisanu kapena kuposa, osaziweruza kaye. Iye ayambe, inu muwonjezere pambuyo. Njira iliyonse muiyeze: ifuna chiyani, ingautse vuto lanji? Imene yasankhidwa iphwanyidwe mpaka ikhale kanthu kogwirika. "Ndikalankhula ndi mwininyumba" sanafike pa dongosolo. Dongosolo ndi ili: "Lachitatu madzulo akaweruka kuntchito, ndikapita ndi mlongo wanga kwa mwininyumba, ndikamupatsa theka la lendi ya mwezi umodzi, ndikapempha kuti zotsalazo tilemberane." Muli tsiku, malo, woperekeza ndi mawu okanena. Mawuwo ayesereni pompo, inu mukhale mwininyumba, ndipo mukhale wovuta pang'ono kuti akafika kumeneko zisakamudzidzimutse.

Njira imeneyi inayesedwa. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ndi agogo aakazi 14, amene ankakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo motere, mpaka maulendo 6. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016, wa anthu 573 m'zipatala 24, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo chanthawi zonse anali pafupifupi 50 pa 100. Chaka chomwecho WHO inatulutsa njira ina yothandizira anthu pa mavuto awo yotchedwa Problem Management Plus, ya maulendo 5 a mphindi 90, kamodzi pa mlungu, yoperekedwa ndi anthu amene si akatswiri. Koma apa pamveke bwino: agogo aja anaphunzitsidwa ndipo anali ndi owayang'anira. Gulu limene likukutumizani kwa anthu popanda maphunziro ndi woyang'anira likukuikani inu ndi anthuwo pangozi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa zimenezi musanavomere.

Nkhani za mapepala ndi ngongole zili ndi kayendedwe kake. Pepala liwerengeni nokha, lonse, mpaka timalemba tating'ono tam'munsi. Musadalire mmene mwiniwake akulifotokozera, poti mantha amawerengetsa zina. Choyamba kufufuza ndi madeti: linalembedwa liti, linalandiridwa liti, likufuna yankho pofika liti. Ambiri amataya mwayi wodandaula chifukwa tsiku linadutsa pepala lili m'thumba, ngakhale kuti mlandu wawo unali wabwino. Mapepala enieni musasunge. Jambulani ngati mwiniwake walola, enieniwo abwerere nawo. Pa ngongole, lembani mbali imodzi ndalama zonse zolowa pa mwezi, mbali ina zofunika kuti banja likhale ndi moyo. Zotsalazo ndizo zingalonjezedwe kwa okongoza, osapitirira apo, chifukwa lonjezo lalikulu limene lidzasweke mwezi wachiwiri limatseka khomo lokambirana. Ngongole zisanjidwe potengera chimene chingachitike zikapanda kulipidwa. Imene ingatulutsitse munthu m'nyumba, kumulanditsa chida chimene amapezera ndalama kapena kumufikitsa kukhoti ndiyo yoyamba. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wokongoza amene akuimba foni kakhumi patsiku ndiye amalipidwa chifukwa cha phokoso lake, lendi n'kutsala. Kukongola kwina kuti abweze kwina kumangokulitsa chiwongoladzanja. Bungwe la Citizens Advice ku Britain, limene linatsegula maofesi ake oyamba pa 4 Seputembala 1939 nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangoyamba, ndipo mpaka pano limadalira anthu ongodzipereka, limasanja ngongole mwanjira imeneyi.

Pa zamalamulo ndi zamankhwala musalote. Mawu a mlangizi amalemera kuposa mmene iye amaganizira. Mukangoti, "Ndikuganiza kuti sangakutulutseni popanda kalata ya khoti," munthu akafika kwawo akanena kuti, "Andiuza kuti sanganditulutse," ndipo akaima nji pamenepo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, amasinthanso. Ngati simukutsimikiza nenani kuti, "Ichi ndikafunse kaye kwa odziwa, Lachinayi ndikuyankhani." Lachinayilo muyankhedi, ngakhale yankho likhale lakuti mukufufuzabe. Pa mankhwala lamulo ndi limodzi: musauze munthu kuti asiye, achepetse kapena asinthe amene anapatsidwa kuchipatala. Ngati akumuvuta, akanene kwa amene anamupatsa.

Potumiza munthu kwina ndi pamene ntchito yambiri imafera. "Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu" zimamveka ngati chithandizo. Koma munthu amapita tsiku lolakwika, amapeza wothandizayo kulibe, amauzidwa kuti abwerenso ndi chiphaso chimene sanatenge, ndalama ya ulendo yatha, ndipo sabwereranso kumeneko kapena kwa inu. Mlangizi aliyense akhale ndi kope la malo othandiza: chipatala, polisi, othandiza zamalamulo mwaulere, oteteza ana, malo othawirako ochitidwa nkhanza, magulu a anthu a vuto lofanana. Pa malo aliwonse palembedwe khomo lenileni lolowera, masiku ndi maola, udindo wa munthu wokaonana naye, mapepala ofunika, ngati pali cholipira, ndi tsiku limene inu munatsimikiza zimenezi. Pitaniko nokha kamodzi musanatumizeko munthu. Miyezi itatu iliyonse imbani manambala onse, chifukwa anthu amasamutsidwa ndipo manambala amafa. Potumiza, imbani foni munthuyo ali pompo, ngati walola, kuti adziwe kuti akumuyembekezera. Mulembereni kakalata kachidule kuti asakayambirenso kufotokoza zowawa, ndipo amve zimene mwalembamo musanakapinde. Wamantha aperekezedwe ulendo woyamba. Pakatha mlungu, funsani ngati anafika ndi zimene anauzidwa.

Tsopano nkhani zimene sizidikira.

Munthu akamati "ndatopa nawo moyo", "bola ndikanangogona osadzuka", "posachedwa mupuma, sindikuvutitsaninso", kapena wayamba kugawa katundu wake, funsani mosapita m'mbali: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limudzalira maganizo amene analibe. Sizitero. Amene analibe maganizowo amangokana, ndipo amene anali nawo amapeza mpata wotula chimene anasenza yekha. Akavomera, mawu anu asasinthe, musalalikire, ndipo musamuuze kuti aganizire ana ake, poti nthawi zambiri iye akuona ngati anawo zingawayendere bwino iye atachoka. Funsani ngati waganiza njira, ngati chida chake ali nacho, ngati waika tsiku, ngati anayesapo kale. Mayankho a inde akamachuluka, ngozi ikukula. Wotere asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono. Gwirizanani naye munthu wodalirika woti aitanidwe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mankhwala ophera tizilombo, mapiritsi ochuluka, chingwe kapena mfuti zichotsedwe pakhomo. Kuchotsa zida kumapulumutsadi, chifukwa nthawi yoopsetsetsa imakhala yaifupi ndipo imadutsa. Malinga ndi WHO, anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse amamwa mankhwala ophera tizilombo. Ngati wamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse chilichonse. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo.

Pa mayi amene akumenyedwa pakhomo, kulakwitsa kofala, kochitika ndi mtima wabwino ndithu, ndiko kuitana mwamunayo kuti "tikhale pansi tikambirane". Pamaso panu adzapepesa, mwina adzagwetsa ndi misozi, ndipo usiku womwewo mkaziyo adzalipira chifukwa choulula. Pamene pali nkhanza, kuyanjanitsa kumaika moyo pangozi. Kulakwitsa kwina ndi kulamula kuti "chokaniko lero". Nthawi yochoka ndi miyezi yotsatira ndi imene ngozi imakula kwambiri, ndipo mayiyo amamudziwa mwamunayo kuposa inu. Mukhulupirireni, muuzeni momveka kuti kumenyedwa si kulakwa kwake, kenako konzani naye chitetezo: akathawira kwa yani usiku, adutsa khomo liti, ndi woyandikana naye uti amene akamva chizindikiro chakutichakuti aitane thandizo. Ziphaso zake ndi za ana, mankhwala ndi kandalama zisungidwe kwa munthu wina. Mkangano ukayamba apewe kukhitchini kumene kuli mipeni. Funsani ngati anakanyangidwapo pakhosi, ngati anaopsezedwapo ndi chida kapena kuuzidwa kuti aphedwa, ngati nkhanza zikunka zichulukira. Zimenezi zikusonyeza kuti moyo uli pachiswe. Musamupatse kapepala koti mwamunayo akakapeze m'chikwama, ndipo musamutumizire uthenga musanafunse ngati foniyo amaigwira yekha. Amuna nawonso amachitidwa nkhanza, ndipo kumwetulira kumodzi kwa mlangizi n'kokwanira kuti asadzanenenso.

Wogwiriridwa ali ndi maola owerengeka. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambika pasanathe maola 72, kufulumira n'kwabwino koposa, ndipo amamwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba pangozi amagwira ntchito mpaka maola 120, koma mphamvu yake imanka ichepa. Choncho kuchipatala n'koyamba, zina pambuyo. Ngati angathe asasambe kaye, ndipo zovala aike m'thumba la pepala, chifukwa m'pulasitiki chinyontho chimaononga umboni. Ngati wasamba kale kapena maola aja adutsa, apitebe, chithandizo china chilipo.

Mwana akaulula, musamupanikize ndi mafunso ndipo musamuikire mawu m'kamwa monga "anakugwira apa eti?" Mafunso otere amasokoneza umboni, wolakwa n'kupulumukirapo. Mvetserani, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo sanalakwe, lembani mawu ake ndendende mmene wawanenera pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, ndipo tsiku lomwelo uzani woona za chitetezo cha ana m'bungwe lanu kapena ofesi ya boma yoona za ana. Kukakumana ndi woganiziridwayo si ntchito yanu.

Chinsinsi sichiululika kawirikawiri ndi njiru. Chimadontha. Mlangizi wafika kunyumba atalemedwa n'kuuza mkazi wake "osatchula dzina", chonsecho m'dera laling'ono "mayi wa ana atatu amene mwamuna wake anachotsedwa ntchito" ndi dzina kale. Chimadonthera pa pempho la pemphero, pa gulu la WhatsApp la alangizi, pa chithunzi cha pa Facebook chosonyeza ntchito yabwino ya bungwe, pa moni wa pamsewu wakuti "Zija zinatha bwanji?" anthu akumva. Gwirizanani pasadakhale kuti mukakumana panja ayambe ndi iye kupereka moni. Chinsinsi chikatuluka kamodzi kokha, dera lonse limadziwa kuti pakhomo panu sipasunga mawu, ndipo amene akanabwera mawa sabwera. M'kope la nkhani za anthu obwera lembani zochepa: nambala m'malo mwa dzina, tsiku, vuto mwachidule, zimene mwagwirizana, kumene mwamutumiza, tsiku lodzaonananso. Mayina akhale m'kope lina, malo ena okhoma. Lembani zimene wanena ndi zimene mwaona ndi maso, monga "anati wagona ndi njala masiku awiri". Mawu ngati "akuoneka waulesi" asalowemo. Lembani ngati kuti mwiniwake adzapempha kuwerenga.

Ndalama za m'thumba mwanu musapereke. Ili ndi lamulo lowawa kulisunga munthu wanjala ali pamaso panu, ndipo amene sanamvepo kuwawa kwake ndiye kuti sanakhale pampandopo. Koma mukapereka lero, mlungu wamawa adzabwera kudzapempha, zokambirana zidzatha, anzake adzamva, ndipo tsiku limene mudzakane ubale udzathera pomwepo. Ngati gulu lanu likufuna kuthandiza pa zadzidzidzi, pakhale thumba la gulu lokhala ndi malamulo olembedwa, malire a ndalama, ndi anthu awiri ovomereza. "Musadandaule, ndikupezerani ntchito" n'kumugwiritsa munthu fuwa la moto. Lonjezani zokhazo zimene zili m'manja mwanu, monga kuimba foni kapena kuperekeza. Chibwenzi ndi munthu amene mukumuthandiza n'choletsedwa, palibe zoti "koma wavomera yekha", chifukwa iye ali pansi ndipo mphamvu ili kwa inu. Wachibale kapena mnzanu wapamtima mpatseni mlangizi wina. Akapempha yekha pemphero ndi nkhani ina, koma chithandizo chisasanduke nyambo yokokera munthu ku mpingo kapena ku chipani.

Walira mvula walira matope. Katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger atalemba mu 1974 za kutheratu mphamvu pantchito, ankanena za anthu ongodzipereka pa chipatala chaulere ku New York, ndipo anaona kuti amene amagwa ndi odzipereka kwambiri aja, kawirikawiri patatha pafupifupi chaka. Zizindikiro zake ndi kupsa mtima msanga, kuyamba kuona obwera ngati ovutitsa, kuzemba foni, kulota nkhani zawo, mutu ndi m'mimba zosatha. Mlangizi akafika pamenepo amasiya kumvetsera, amayamba kugawa malangizo achangu kuti munthu achoke. Malire aikidwe mphamvu zikadalipo: masiku ndi maola odziwika, nkhani zolemera zosapitirira zitatu kapena zinayi patsiku, mphindi 15 zopuma pakati pake, nambala ya foni yapadera imene imazimitsidwa usiku, anthu atapatsidwa kale manambala a zadzidzidzi. Kukumana ndi woyang'anira kuchitike kamodzi pa milungu iwiri, kapena kuchepetsetsa kamodzi pa mwezi, ndipo nkhani yoopsa ikambidwe naye tsiku lomwelo.

Mapeto a chithandizo anenedwe tsiku loyamba: "Tionana kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, kenako tiona pamene tafika." Munthu akabwera kakhumi ndi nkhani yomweyo, palibe chimene wayesa, ndiye kuti mwina vutolo lakulira mlangizi ndipo likufuna katswiri, mwina zimene munagwirizana zinali zazikulu kwambiri n'zofunika kuziphwanyanso, kapena mwasanduka malo opumulirapo amene akumuthandiza kupirira chinthu choyenera kusinthidwa. Kambiranani naye zimenezi poyera ndi mwachikondi, mutafunsa kaye woyang'anira wanu. Pa ulendo womaliza tulutsani pepala la tsiku loyamba lija. Aone yekha mavuto amene anatchula, adule amene atha, ndipo pa otsalawo palembedwe munthu kapena ofesi imene apiteko, ndi anthu awiri a m'moyo wake amene angawauze zikadzavutanso. Pepalalo apite nalo iye. M'kope lanu mungolemba tsiku limene nkhaniyo yatsekedwa.